Batani la dzuwa likakana, musathamangire kugula sikirini

Lachitatu lapitali, ndili pakati pa nsima ya masana kuno ku Liwonde, foni inalira. Anali mwana wa mlongo wanga wa ku Balaka, amene akuchita maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo, aja omangotumiza ntchito pa intaneti n'kumapita kusukulu mwa apo ndi apo. Moni sanapereke n'komwe.

"Amalume, laputopu ija yafa."

Mbamu inandikakamira pakhosi. Laputopu imeneyo ndinagula ndine ku Limbe chaka chatha, yoti ena anagwiritsapo kale ntchito, ndipo ngongole yake ku banki mkhonde ndamaliza kubweza dzana dzanali. Kwathu kuno malume sathawa za sukulu ya ana a mlongo wake, ndiye ikafa iyi, ina idzatuluka m'thumba langa lomweli.

"Yafa bwanji? Siikuyaka?"

"Kuyaka ikuyaka. Koma ikuwala kwambiri mpaka maso kuwawa, batani lochepetsera kuwala silikugwira, ndipo paja timayendetsa ndi chala sipakuchitika kanthu. Batire likutha ola lisanakwane. Wokonza uja akuti touchpad inapsa, komanso sikirini ndi yofunika kusintha. Lolemba ndikuyenera kutumiza ntchito ziwiri."

Mtengo umene anamutchulira unali wokwana matumba angapo a chimanga. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: kodi zimenezi zayamba liti? Anati zayamba tsiku lomwe anakaitenga kwa wokonza. Laputopu inkachedwa, itadzaza mavairasi a m'mafulashi a anzake, ndiye mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta m'tauni momwemo anaifomata n'kuikamo Windows 10 ina. Nditangomva mawu oti "anaifomata", mtima unakhala m'malo ndipo nsima ndinamaliza. Ndinamuuza kuti asapereke ngakhale tambala kwa aliyense mpaka ndifike.

Loweruka ndinalawira, kukwera minibasi, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kudutsa pa Mangochi Turn-off, mpaka pa Balaka. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30, koma minibasi ya Loweruka imaima paliponse pamene munthu wakanda m'mutu, ndiye ndinali ndi nthawi yoganizira momwe ndikufotokozereni nkhaniyi. Chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi malaputopu ngati omwewa, ochokera m'maofesi a ku UK kapena ku Joni, ena mpaka ali ndi chizindikiro cha £ pa kiyibodi, ndipo tsiku lina adzafomatidwa basi.

Tiyambe ndi batani lenilenilo. Pakona ya kumunsi kumanzere kwa kiyibodi, pafupi ndi Ctrl, pali batani lolembedwa Fn. Pamzere wa pamwamba pali F1 mpaka F12, ndipo pa mabatani amenewa pajambulidwa tizithunzi: kadzuwa kakang'ono ndi kadzuwa kakakulu, sipika, ndege, nthawi zina kabokosi kodulidwa ndi mzere komwe kakuimira touchpad. Batani lililonse lili ndi ntchito ziwiri, ndipo Fn ndi amene amasankha ntchito yomwe mukufuna. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pa malaputopu ambiri Windows silimva batani la Fn palokha. Amene amalimva ndi kachipangizo kakang'ono ka pa bolodi ya m'kati, kotchedwa embedded controller, komwe kamayang'aniranso batire ndi fani. Mukadina Fn pamodzi ndi kadzuwa, kachipangizoka kamatumiza uthenga kwa Windows kuti mwini wake akufuna kuwala kutsike. Windows nayo iyenera kukauza chipangizo choyendetsa zithunzi kuti chichepetse nyali za kuseri kwa sikirini. Pakati pa atatuwa pakufunika womasulira, ndipo womasulirayo ndi kapulogalamu kamene timangokatchula kuti driver.

Munakhalapo pa msonkhano wa chitukuko ku Ntaja kapena ku Nselema, mlendo akulankhula Chingerezi, agogo akumva Chiyao chokha, womasulira atachedwa panjira? Pakamwa pa mlendo palibe vuto, makutu a agogo ndi abwinobwino, koma palibe chomwe chikumveka. Laputopu yofomatidwa imakhala choncho. Windows yakale inachoka pamodzi ndi omasulira onse amene kampani yopanga laputopuyo inaikamo, ndipo yatsopanoyo yabwera ndi ochepa chabe, ongothandiza kuti makina ayake.

Nditafika, ndinapeza laputopu ili patebulo, pambali pake pali kamausi ka waya kobwereka kwa anansi. Ndisanatsegule chilichonse, ndinadina batani lokweza mawu. Linagwira. Lotsitsa mawu linagwiranso. La kadzuwa, zii. Ichi chokha chinandiuza zambiri. Mabatani a mawu amatumiza uthenga umene Windows iliyonse imaudziwa kale popanda womasulira wapadera, pomwe a kuwala amadalira driver ya zithunzi. Ndiye mukaona mawu akukwera ndi kutsika koma kuwala kukukana, kiyibodi yanu siinafe ayi, ndipo sikirini yomwe ikuwala mpaka kukuthobwani m'maso ndi yamoyo kuposa inu ndi ine. Sikirini yowonongeka imachita mdima, imatuluka mizere, kapena imathwanima mukamapinda chivundikiro.

Komabe pali chinthu chaching'ono choyenera kuyamba mwayesa, chifukwa chachititsapo manyazi anthu ambiri, ine ndemwe. Fn ali ndi loko yake. Pa malaputopu ambiri a Dell ndi Lenovo ThinkPad, kudina Fn pamodzi ndi Esc kumatembenuza mzere wonse wa pamwamba: pamene munkangodina kadzuwa kokha, tsopano mukuyenera kugwira Fn kaye, kapena mosemphanitsa. Mwana akangosewera pa kiyibodi kamodzi, basi zatembenuka. Pa HP zambiri zimenezi zimasinthidwa mu BIOS, pamene palembedwa Action Keys Mode. Choncho yesani batani la kadzuwa palokha, kenako yesani mutagwira Fn. Ife tinayesa zonse ziwiri, osaphula kanthu.

Ndiye ndinatsegula Device Manager, kaundula wa ziwalo zonse za laputopu. Njira yachidule ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi X, kenako M. Sizifuna mausi, ndipo ngati touchpad yanu yaima, phunzirani kuyenda ndi Tab, mivi inayi ija ndi Enter, mudzafika paliponse. Pansi pa mutu wa Display adapters, pamene pamayenera kulembedwa Intel HD Graphics, AMD Radeon kapena NVIDIA, panalembedwa Microsoft Basic Display Adapter.

"Wakuba uja ndi ameneyu," ndinatero.

"Ndi vairasi, amalume?"

Si vairasi, ndiponso si wakuba weniweni, ndinangokokomeza. Ndi driver yongogwirizira imene Windows imagwiritsa ntchito ikasowa yeniyeni, kuti muthe kuona zomwe zili pa sikirini. Ili ngati tayala la sipeya: likufikitsani kunyumba, koma musalifunse zambiri. Kuwala siitha kukusintha, ndiye nyali zimangokhala pamene BIOS inazisiya, nthawi zambiri pamwamba penipeni. Mukadina Windows ndi A, pamene pamakhala kamzere kokokera kuwala, mupeza kamzereko palibe. Makanema amadukizadukiza, zilembo nthawi zina zimaoneka zonenepa kapena zotambasuka, ndipo fani imangolira chifukwa ntchito ya zithunzi yagwera purosesa yokha.

Apa mpamene nkhani ya kuwala imasiya kukhala ya maso okha. Sikirini ndi chimodzi mwa ziwalo zomwe zimadya batire kwambiri. Batire la laputopu yakale latopa kale, ndiye mukaliwonjezera sikirini yowala mpaka mapeto ndi purosesa yothamanga, likutha musanamalize tsamba lachiwiri. Kwa munthu wa mu ofesi ya jenereta zilibe kanthu. Kwa mwana wa mlongo wanga, amene amalemba ntchito zake usiku ndipo magetsi akazima sadziwa kuti abwera liti, mphindi makumi anayi zowonjezera ndi zomwe zimasiyanitsa kutumiza ntchito ndi kupempha chikhululukiro kwa aphunzitsi. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire yemweyu ndinawoloka m'mawa, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amene analipo mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira n'kutichotsera ma megawati pafupifupi 130, akukumbukira momwe batire linasandukira chuma. Kuyambira nthawi imeneyo ine kuwala kwa laputopu yanga sikupitirira theka ndikakhala m'nyumba.

Kumunsi kwa kaundula yemweyo kunali mutu wina, Other devices, ndipo pansi pake panali mizere ingapo ya tizizindikiro tachikasu tamakona atatu. Wina unalembedwa Unknown device, wina PCI Data Acquisition and Signal Processing Controller, dzina lalitali ngati la mfumu yaikulu. Chizindikiro chachikasu chimatanthauza kuti Windows ikuchiona chiwalocho koma siikudziwa kulankhula nacho. Pansi pa Mice and other pointing devices panali kamausi kobwereka kaja kokha. Touchpad sinkaoneka n'komwe, ndipo ndikukhulupirira kuti apa mpamene mnyamata uja anagamulira kuti inapsa.

Zoona zake n'zakuti matouchpad alipo a mitundu iwiri. Akale amalumikizidwa m'njira ya PS/2, ndipo amenewo Windows imawayendetsa ngakhale popanda driver yawo. Chomwe chimasowa ndi zokometsera monga kutsitsa tsamba ndi zala ziwiri, mpaka mutaika driver ya Synaptics, ELAN kapena Alps, makampani omwe anapanga matouchpad ambiri a m'malaputopu athuwa. Atsopanoko, makamaka kuyambira cha m'ma 2015, amadutsa m'njira ina yotchedwa I2C. Pa makina a Intel njira imeneyi imafuna driver yakeyake, Intel Serial IO. Ikasowa imeneyi, touchpad imakhala ngati mudzi wa kutsidya mlatho utakokoloka: anthu alipo, akuphika, akudya, koma kwa inu kulibe. Mutha kuika driver ya touchpad kakhumi, siigwira, chifukwa mlatho sunamangidwe.

Ndinafuna kuti aone ndi maso ake, osangokhulupirira malume. Tinazimitsa laputopu n'kuyatsanso tikudinadina batani lolowera mu BIOS, komwe ndi kuchipinda cha makina enieniwo Windows isanadzuke. Pa Dell ndi Acer batani lake ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. BIOS ya laputopu yake ndi ya mtundu wolola kuloza ndi kamuvi. Ndinachotsa mausi n'kumuuza kuti ayendetse chala. Kamuvi kanayenda. Anayendetsanso, kanayendanso. Ndinamuuza adine kadzuwa kakang'ono, sikirini inatsika kuwala pomwepo.

"Ndiye amandinamiza eti?"

Ndinamuuza kuti adekhe. Koma umboni unali poyera: touchpad yopsa siyendetsa kamuvi paliponse, kaya mu BIOS kaya mu Windows. Si BIOS iliyonse imene imalola kamuvi, ena ndi a mabatani okhaokha, koma ngati yanu imalola, mayeso amenewa ndi aulere ndipo satenga mphindi ziwiri. Muli momwemo, yang'anani ngati pali mzere wa Touchpad kapena Internal Pointing Device, muone kuti sunazimitsidwe. Acer zina zili ndi chisankho cha Basic ndi Advanced. Advanced ndi njira ya I2C ija, ndipo kuika pa Basic kumadzutsa touchpad mongoyembekezera mpaka mutapeza driver. Zina zonse za mu BIOS zomwe simukuzidziwa, zisiyeni momwe zilili, chonde.

Tsopano nkhani inali yopeza madriver, ndipo apa mpamene bandulo imalowa. Choyamba muyenera kudziwa dzina lenileni la laputopu yanu. "Ndi HP" kapena "ndi Dell" sikokwanira, ngati momwe simungapite kogula sipeya n'kungoti "ndi Toyota". Tembenuzani laputopu, pansi pali kapepala. Dell ili ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, HP ili ndi product number, Lenovo ili ndi serial number. Kapepala kakafufutika, dinani Windows ndi R, lembani msinfo32, ndipo pa System Model mupeza dzina lonse. Ndi dzina limenelo pitani pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo, gawo la support, musankhe Windows yomwe muli nayo.

Ndikuchondererani pa chinthu chimodzi. Mukalemba dzina la driver pa Google, pamwamba pamabwera masamba ambiri olonjeza kukupezerani madriver onse ndi batani limodzi. Ena amakupatsani driver yolakwika, ena amakuikirani zotsatsa malonda zosatha, ena pamapeto amafuna ndalama. Mwana wa mlongo wanga anafomatitsa laputopu pothawa mavairasi, ndiye sindikanalola kuti tiwaitanenso ndi manja athu. Tsamba la kampani limachedwa kutseguka, Chingerezi chake n'chouma, koma n'lomwe lili ndi womasulira weniweni.

Ife tinatsitsira pa foni, chifukwa foni imapirira netiweki ikamadukaduka, kenako tinasamutsira mu laputopu ndi waya wa chaja. Driver ya zithunzi ndi yolemera, imatha kupitirira ma MB 200, pomwe enawo ndi ang'onoang'ono. Ngati muli ndi bandulo ya usiku ya Airtel kapena TNM, ntchito yake ndi imeneyi. Njira ina ndi kulumikiza laputopu ku hotspot ya foni n'kusiya Windows Update ifufuze yokha, ndipo mu Windows 10 yatsopanoko madriver ena amabisala pa View optional updates. Koma pali msampha. Windows ikazindikira kuti intaneti ndi ya bandulo, imene imaitcha metered connection, imaleka kutsitsa madriver pofuna kukusungirani ndalama. Mukhoza kudikira tsiku lonse osabwera kanthu. Mukailola, nayonso siidziwa malire, imayamba kukoka zonse zomwe yakhala ikuzilakalaka, ndipo bandulo ya sabata imatha nsima isanapse. N'chifukwa chake ine ndimakonda kusankha ndekha mafayilo anayi kapena asanu ofunikawo.

Ndondomeko yoikira ili ndi ntchito. Tinayamba ndi chipset, kenako Serial IO, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso. Laputopu itangodzuka, ndisananene chilichonse, mtsikana uja anakhudza touchpad ndipo kamuvi kanathamanga pa sikirini. Anakuwa mpaka mayi ake anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Kenako tinaika ya zithunzi. Sikirini inathima kamphindi, inabwerera, zilembo zinaoneka zosalala, ndipo pa Display adapters panalembedwa dzina la Intel. Kadzuwa kakang'ono kanayamba kumvera.

Chinatsala ndi batani lozimitsira touchpad ndi kachithunzi kaja kamene kamaoneka pa sikirini mukamasintha zinthu. Zimenezi zimayendetsedwa ndi pulogalamu ya mabatani ya kampani iliyonse, ndipo iliyonse inaitcha dzina lake, mwina pofuna kutizunguza. Ku HP mupeza HP Hotkey Support kapena HP System Event Utility. Ku Lenovo kuli Hotkey Features Integration, ndipo Lenovo Vantage imathandiza kuipeza. ASUS zakale zimafuna ATK Package, Dell zakale QuickSet, Toshiba zakale Value Added Package. Amene muli ndi Toshiba Satellite ya m'nthawi ya Windows 7 mukudziwa kuti popanda imeneyi mzere wa pamwamba umangokhala chokongoletsera.

Ndisanaiwale, batani lozimitsira touchpad lomweli ndi lomwe limapusitsa anthu ambiri amene sanafomatitse n'komwe. Pa ASUS zambiri ndi Fn ndi F9, pa Acer ndi Fn ndi F7, pa Lenovo IdeaPad zambiri ndi F6. HP ProBook ndi EliteBook zakale zili ndi kadontho pakona ya pamwamba kumanzere kwa touchpad. Mukagogoda pamenepo kawiri, touchpad imazima ndipo kanyali kofiirira kamayaka. Chala chimagunda pamenepo mwangozi munthu akulemba, ndiye amanyamula laputopu ulendo wa kwa wokonza pomwe mankhwala ake ndi kugogodanso kawiri. Muonenso mu Settings, pa Devices kenako Touchpad, kapena pa Bluetooth & devices ngati ndi Windows 11. Pali kabokosi kolola touchpad kugwirabe ntchito mausi ikalumikizidwa. Kakachotsedwa chizindikiro, ndiye kuti mausi yobwereka ija, kapena kachidutswa ka mausi yopanda waya komwe munaiwala m'bowo la USB, ndi komwe kakuigoneka.

Chizindikiro chimodzi chachikasu chinatsalabe, Unknown device uja. Pali njira yomufunsira dzina. Dinani pa iye kawiri, pitani pa Details, sankhani Hardware Ids. Mupeza zilembo zooneka ngati zopanda mutu, koma zili ndi tanthauzo. VEN_8086 ndi Intel, VEN_1002 ndi AMD, VEN_10DE ndi NVIDIA. Zoyamba ndi ACPI nthawi zambiri ndi tiziwalo ta kampani yopanga laputopuyo, ta mabatani ndi batire. Mwachitsanzo ACPI\VPC2004 ndi ya Lenovo, yokhudza kayendetsedwe ka mphamvu. Kopani mzere umenewo, fufuzani kuti ndi chiyani, kenako bwererani pa tsamba la kampani mukatenge driver yake. Wathuyo anapezeka kuti ndi kachipangizo koteteza hard disk laputopu ikagwa. Bandulo inali itatsala pang'ono, ndiye tinamusiya kaye.

Madzulo tinadutsa kwa mnyamata wokonza uja, chifukwa mlongo wanga anafuna kuti ndikamukalipire. Sindinakalipe. Ndinamupeza m'kashopu kotentha ngati uvuni, mafoni otsegula ali mbwee patebulo, kasitomala wina akumudikirira kuti amuikire nyimbo. Ndinamuonetsa touchpad ikuyenda.

"Aa, biggy, mwaitani? Ine ndinayesa driver ya touchpad kawiri konse, inakana."

Ndinamufotokozera za mlatho uja. Anamvetsera bwino, mpaka anajambula dzina la Serial IO ndi foni yake. Vuto lake ndinalimvetsa. Ali ndi fulashi imodzi ya Windows imene amaikira aliyense, amaika popanda intaneti chifukwa ndalama yomwe amalipiritsa siingakwane bandulo ya madriver a kasitomala aliyense, ndipo laputopu ikangoyaka n'kuonetsa zithunzi, kwa iye ntchito yatha. Pamene ndinamudzudzula ndi pa mawu oti "inapsa". Ukalephera chinthu, nena kuti chandikanika, mwini wake akayese kwina. Ukanena kuti chapsa, munthu amakagulitsa mbuzi. Ndipo akanagula touchpad ina, ikanakhalanso chete chimodzimodzi, chifukwa mlatho ukanakhala usanamangidwebe.

Sindikunena kuti nthawi zonse ndi driver. Mnzanga wina wa ku Ulongwe anabwera ndi laputopu yomwe touchpad yake inkayenda koma kudina kunkalimba, ndipo m'mbali mwake munali mutatukuka pang'ono. Imeneyo sinali nkhani ya pulogalamu. Pa malaputopu opyapyala batire limakhala pansi pa touchpad penipeni, ndipo likakalamba, makamaka ndi kutentha kwathu kwa Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa, limafufuma n'kuyamba kukankha kuchokera m'kati. Mukaona zotere, kapena laputopu ikamagwedera patebulo losalala, zimitsani, chotsani pa chaja, musaikanikize kuti ibwerere, ndipo batirelo likachotsedwe ndi wodziwa. Batire lofufuma likaboka limatha kuyaka moto. Chimodzimodzi ngati munathira tiyi pa kiyibodi, kapena touchpad siikuyenda ngakhale mu BIOS yolola kamuvi. Pamenepo wokonza atsegule ndithu, mwina kalamba kopyapyala kolumikiza touchpad ku bolodi kasomoka.

Palinso za msinkhu wa makina. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ku Intel kuyambira m'badwo wa 8. Malaputopu ambiri omwe timagula kuno ndi akale kuposa pamenepo, ndiye okonza amaikamo Windows 11 mokakamiza, kapena Windows zodulidwadulidwa zomwe amati ndi zopepuka. Zimayaka, inde, koma kampani sinalembe madriver a Windows 11 a laputopu ya 2013. Nthawi zambiri a Windows 10 amagwira, ndipo ndi omwe muyenera kuyesa. Pa zakale kwambiri, monga za Intel HD Graphics 3000 za m'ma 2011, Intel sinatulutse n'komwe driver ya Windows 10, ndiye mumadalira yomwe Windows Update ingakupatseni kapena ya Windows yam'mbuyo. Wokonza akakufunsani kuti muikiridwe iti, musangoti yatsopano chifukwa ndi yatsopano. Funsani kaye ngati madriver ake alipo.

Tisanatseke laputopu usiku umenewo, ndinamuchititsa chinthu chimodzi chomwe ndikanakonda akanachita asanaipereke kofomata. Tinalowetsa fulashi, yomwe inaoneka ngati D, n'kupangamo foda yotchedwa madriver. Tinatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba kuti pnputil /export-driver * D:\madriver. Mizere inathamanga pa sikirini kwa mphindi zingapo, ndipo madriver a m'laputopu anakopedwa kupita mu fulashi. Tsiku lina ikadzafomatidwanso, adzangolowa mu Device Manager, kudina Update driver pa chizindikiro chachikasu chilichonse, kusankha Browse my computer n'kuloza foda imeneyo, popanda kuwononga MB ngakhale imodzi. Mapulogalamu a mabatani aja satuluka onse m'njira imeneyi, ndiye mafayilo omwe tinatsitsa pa foni tinawaikanso momwemo. Ngati laputopu yanu ikuyenda bwino lero, lero lomwe ndi tsiku lochita zimenezi. Ndipo mukakaitenga kwa wokonza, musachoke pashopu musanayese kadzuwa, touchpad ndi zala ziwiri, mawu, Wi-Fi ndi kamera, iye akuona.

Fulashiyo mlongo wanga anaikulunga m'kapepala n'kuiika m'chikwama momwe amasungira makadi a kusikelo ndi ziphaso. Kamausi kanabwezedwa kwa eni ake. Ine ndinagona komweko chifukwa minibasi zinali zitatha.

Lolemba usiku, cha m'ma 10 koloko, uthenga unalowa pa WhatsApp. Magetsi anali atazima kuyambira madzulo, koma anatsitsa kuwala mpaka pansi, ndipo batire linamufikitsa maola awiri ndi kanthu. Ntchito imodzi anatumiza. Yachiwiri akuti aphunzitsi awonjezera masiku mpaka Lachisanu. Pansi pake anawonjezera kuti mnzake wa m'kalasi, wa ku Phalula, nayenso laputopu yake ikuwala osatsika, ndipo wamupatsa kale nambala yanga.